Mtondo wa Mwala ku Eardisley

Lachinayi, mvula yamuno yosadziwa kukata ili waa,
ndinakankha njinga ya Mai Gwilliam mpaka m'tchalitchi.
Chitseko chinabuula ngati ng'ombe yokalamba.
M'katimo fungo la chinyezi ndi makandulo ozima kale,
chisanu choyambira kumapazi.

Pafupi ndi khomo chili duu,
chimtondo chamwala chopanda munsi.
Kwathu tikanafunsa: kodi amasinjiramo chiyani?
Muno amakonoleramo munthu, atero,
ndi madzi odzaza chikhato katatu,
gaga yense wa Adamu n'kutsalira pansi.

Zaka zoposa mazana asanu ndi atatu zapita
chisemereni wosema uja.
Dzina lake mvula inadya,
koma dzanja lake ndi ili, ndikuligwira.

Anasema amuna awiri akumenyana,
mkondo wa wina walowa m'ntchafu ya mnzake,
onse atakodwa m'ziyangoyango mpaka m'chiuno,
ndipo palibe amene wayang'ana pansi
kuona kuti chowamanga n'chimodzi.
Anasemanso mkango.
Ndinaseka ndekha: bamboyu mkango anangoumva mbiri,
waupatsa nkhope ya galu wokhuta.
Komabe ukuzungulira mwalawo usiku ndi usana,
ukulondera madzi omwe lero mulibe.

Ndiye kuseri, kumene kuwala kwa zenera kumafika mochedwa,
wina wanyamula ndodo ya mtanda,
mbalame yatera paphewa pake,
akukoka kamunthu kuchoka m'msampha wa mizu.
Sanakagwire chikhato ngati popereka moni.
Wakagwira pamkono,
monga mugwirira womira amene mphamvu zogwirira zamuthera.

Pophunzira ntchito anatiletsa zimenezo:
musakoke wokalamba pamkono, mafupa ndi ofewa.
Ndimamvera. Ndimadzutsa Mai Gwilliam ndi lamba,
kuwerenga mpaka katatu.

Iwo anaiwala dzina la mwana wawo.
Anaiwala kuti tiyi amwa kale.
Ine amanditcha Dilys, mng'ono wawo amene anagona kalekale
kuseri kwa khoma lomweli, pansi pa ndere.
Koma atatambasula zala zonjenjemera
n'kupapasa mchira wa mkango uja,
anati, momveka ngati belu:
Pano ndinalira. Amayi anati ndinalira mpaka denga linayankha,
wansembe n'kunena kuti choipa chikutuluka.

Ine sindinalire.
Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, mwezi wa Okutobala,
Linthipe ataphwa mpaka m'mawondo.
Abusa a Kamtedza anachita kufunafuna pozama,
buluku atapinda, azimayi akuimba pamchenga wotentha.
Ndinatuluka ndi matope m'khutu
ndi dzina latsopano, Feliya.
Madzi aja sanadikire. Anapitirira ulendo wawo,
anamwetsa mbuzi, anachapa matewera kumunsi.
Palibe mwala wosemedwa woti ndikaloze,
ndikati: apa.

Ndinasuzumira m'mtondomo.
Kangaude wouma, tsamba limodzi la duwa la ukwati wa eni.
Makanda angati anadutsa pano, nkhonya atafumbata?
Ana a olima, a oweta nkhosa,
ena sanaone n'komwe chilimwe chachiwiri.
Onse mwala unawalandira osafunsa,
n'kuwabweza onyowa mutu.

Dilys, anatero, kwazizira. Tiye kwathu.
Ndiye anandigwira pamkono,
pomwe paja, mwamphamvu yosayembekezeka,
zikhadabo n'kusiya timizere.
Sindikudziwa ankakoka ndani, ankakokedwa ndani.

Ndinavomera dzinalo. Ndinati, tiyeni.
Panja mvula inatithira pamphumi tonse awiri,
osati katatu kokha,
ndipo sinatifunse kuti ndife yani.